Chitseko cha Kingstone Ziba pa Dziwe la Kanyerere

Buku la ubatizo la mpingo wa kwawo, kumadzulo kwa Manyamula, likusonyeza kuti Kingstone Ziba anabadwa mu 1921, koma polemba mwezi ndi tsiku panasiyidwa popanda kanthu. Mu Ogasiti 1944 anakwatira Eneless, mwana wa kwa a Mtonga tsidya lina la mtsinje wa Rukuru, ndipo a Ziba anapereka ng'ombe zisanu ndi ziwiri za malowolo. Mkwatibwi anawoloka pa bwato la mlongo wake, Jonasi Mtonga, amene masiku amenewo ndiye ankawolotsa anthu pa dziwe la Kanyerere. Mu Januwale 1946 kunabadwa mwana wamkazi, Towera. Mwanayo asanayambe n'kukhala komwe, mu Malichi, Kingstone anamanga bulangete ndi kamba wa panjira nalowera kummwera wapansi, monga ankachitira amuna ambiri a dera limenelo. Anauza mkazi wake kuti abwera zikatha zaka ziwiri. Anabwera zitatha zaka makumi awiri ndi ziwiri.

Za ulendo wakewo zodziwika n'zochepa. Anagwirako ntchito pa munda wa fodya kufupi ndi Harare, kenaka anawoloka Limpopo mozemba nafika ku Joni mu 1948. Makalata ake kwa Eneless, amene Towera anawasunga m'chitini cha tiyi, alipo asanu ndi anayi, ndipo yomaliza ndi ya pa 3 Juni 1951. Mwezi wotsatira apolisi anamugwira alibe chiphaso, namutumiza kukakumba mbatata ngati mkaidi kwa chaka chathunthu. Anatulukako wopanda ngakhale nsapato, ndipo manyazi anamugwira dzanja. Chaka ndi chaka ankadziuza kuti alemba zinthu zikayamba kuyenda, mpaka kusalembako kunakula kukhala phiri loti sakanathanso kulikwera. Kumudzi anayamba kumutchula mtchona, munthu amene dziko la eni lamumeza.

Mu 1953 anapezeka ku East London, m'mphepete mwa nyanja yamchere, pa ntchito imene palibe wa ku Mzimba akanailota. Mzungu wina anali ndi shedi pagombe momwe ankabwereketsa alendo matabwa oyandama. Thabwa lililonse linali lalitali ngati anthu awiri ogona motsatana, lamphako m'kati, la nthiti za mtengo wopepuka, lokutidwa ndi lona, nsalu yokhuthala ngati ya tenti, lopakidwa penti kangapo. Wokwerapo sankakhala pansi ayi. Ankaima chilili, atagwira nkhafi ya mitu iwiri yomangidwa ndi chingwe kumphuno kwa thabwalo, n'kumadikira funde lalikulu kuti limunyamule mpaka pamchenga. Ntchito ya Kingstone inali kunyamula matabwawo, kuwatsuka mchere, kusoka zigamba ndi kupaka penti.

Munthu wakuda sankaloledwa kusamba pagombe limenelo. Koma kuyambira Juni mpaka Ogasiti, mphepo yozizira ikathamangitsa alendo, matabwa onse ankakonzedwa, ndipo thabwa lokonzedwa linkafuna munthu woliyesa ngati likulowa madzi. Bwanayo madzi achisanu ankawaopa ngati mphaka. Motero m'mawa uliwonse wa miyezi itatu imeneyo Kingstone ankalowa yekha m'nyanja, mano akugundana, apolisi akungomuona monga wantchito amene watumidwa. Chaka choyamba anamwa madzi amchere okwana kukoleretsa ndiwo za mudzi wonse. Pofika chaka chachitatu anali akuima bwinobwino, ndipo anaphunzira kumva thabwa ndi mapazi: likayamba kumwa madzi, zala zakuphazi zinkadziwa maso asanaone. Nyanja ya nyengo yotentha, yodzaza anthu ndi maambulera, ankangoionera pamchenga. Yake inali yotuwa, yopanda munthu, ya mafunde aatali obwera m'mizere ngati munda wolimidwa ndi ng'ombe. Funde likamunyamula, kwa kanthawi koti munthu awerenge mpaka makumi awiri, ankaiwala kuti ndi mtchona.

Pamene iye ankaima pa mafunde, kwawo zinthu zinkatha chimodzichimodzi. Mu 1955 akuluakulu a mbali zonse ziwiri anakhala pansi nathetsa ukwati. A Mtonga anabweza ng'ombe, ndipo mwa mwambo wa kumeneko ng'ombe zikabwerera mwana amakhala wa kuchikazi. Jonasi anawolotsa mlongo wake ndi Towera kubwerera nawo kwawo. Eneless sanakwatiwenso. Anamwalira pa 12 Febuluwale 1961, mvula ili pakati, naikidwa kumanda a kwa Mtonga.

Kingstone anamva zonsezi pa 9 Seputembala 1968, ataima pakhomo pa mlongo wake Modester, mayi wamasiye, yekhayo wa m'mimba mwawo amene anali moyo. Ntchito ya kunyanja inali itatha, popeza kunabwera matabwa a kufakitale osafuna msoki. Katundu amene anatsitsa m'basi anali sutukesi imodzi, lona lopindidwa bwino, zitini ziwiri za penti, ndi nkhafi imene anaidula pakati kuti ikwane paulendo.

Mwambo wa kumeneko ndi wosabisika. Munthu amene sanapezeke pa maliro a wake wapafupi salowa m'mudzi wa ofedwa ngati kuti palibe chachitika. Amatuma thenga, ndiko kuti mthenga womulankhulira, amakonza nkhuku ndi nsalu yoyera, amayamba kulira adakali panjira, ndipo mkulu wa banja amamutsogolera kumanda kukamuonetsa pamene wakufayo anagona. Zikatero ndi pamene angakhale pamphasa, kumwa madzi a m'mudzimo ndi kucheza ndi ana ake. Popanda mkulu wa banja palibe amalowa m'nkhalango ya manda, ndipo mkuluyo tsopano anali Jonasi. Kuyambira tsiku limenelo Kingstone sanafunenso china pa moyo wake koma kuonetsedwa manda a Eneless.

Thenga lake linali Stafford Hara, mkulu wa mpingo, munthu wolemba chilichonse m'kope. Yankho loyamba la Jonasi analilemba mawu ndi mawu, pa 21 Seputembala 1968:

"Mukamuuze kuti madzi a Rukuru ndi a Chiuta, sindingamuletse. Mchenga wa padooko ndi wa aliyense. Koma udzu wa mtunda uno asauponde."

Kingstone anawatenga mawuwo monga momwe analili. Madzi ndi mchenga anali atapatsidwa. Bwato la Jonasi linali litakokoloka ndi madzi osefukira a 1963, ndipo mtengo woti n'kusemamo lina unali utasowa m'dera lonselo. Mtsinjewo pa Kanyerere uli ndi nyengo zitatu. Kuyambira Disembala mpaka Epulo ndi wolusa, wonyamula mitengo ndi mbuzi. Kuyambira Seputembala munthu amangopinda buluku n'kuwoloka. Koma pakati pake, m'miyezi yachisanu, madzi amakhala bata koma akuya, ndipo wofuna tsidya ankayenera kukwera mtunda wa mailosi khumi ndi imodzi kukafika pamiyala powolokera, n'kutsikanso ina khumi ndi imodzi. Nyengo imeneyo ndiyo inalibe mwini.

Mu Epulo 1969 anagula matabwa a paini ku Boma, nakhoma nthiti pansi pa mtengo wa mango wa Modester, nakokapo lona lija, nalipaka penti kanayi. Anthu odutsa anachitcha chijalo, ndiko kuti chitseko, ndipo dzinalo linakakamira. Loweruka pa 17 Meyi, nkhungu idakali pamadzi, analowetsa chitsekocho m'dziwe, nakwerapo chilili, napalasa. Amayi amene ankatunga madzi tsidya linalo anaona munthu akubwera woima pakati pa mtsinje, miyendo yake itabisika m'nkhungu, ndipo awiri anathawa kusiya ndowa. Pofika iye pamchenga mudzi wonse unali utandanda pamtunda. Jonasi anatsika pang'ono, nayang'anitsitsa chinthucho ndi diso la mwini bwato, kenaka analankhula kwa anthu, osati kwa iye:

"Ena akapita ku Joni amabwera ndi njinga, ena makina osokera. Uyu wabwera ndi chitseko, nyumba yake alibe."

Anthu anaseka. Kingstone anavula chipewa, naima pamchenga pomwepo, phazi lake osafika paudzu.

Kwa nyengo zisanu ndi zitatu zachisanu, kuchokera 1969 mpaka 1976, anawolotsa mchere, mafuta a nyale, makalata a ku positi ya Manyamula, mankhwala, ndi munthu mmodzi pa ulendo, wokhala chonjuta pafupi ndi mapazi ake atauzidwa kuti asayetsemule. Anawolotsa azamba, aphunzitsi, ndi tsiku lina mbuzi yomangidwa miyendo. Anthu ankamupatsa zimene anali nazo, mazira kaya mbatata. Mu 1973 tcheyamani wa nthambi ya chipani anabwera kudzafunsa kuti chinthucho chimawolotsa ndani, popeza malire a Zambia sali kutali. Ataona kuti ndi mchere ndi azamba anakwerapo yekha, atatsinzina mpaka tsidya, ndipo potsika analamula kuti aliyense wokwera azionetsa khadi la chipani. Kingstone lake ankasunga m'kabotolo kolenjeka m'khosi. Mwezi wa Ogasiti ukatha ankasenza chitsekocho pamutu kupita nacho kunyumba, n'kuzula chotsekera cha kabowo kotulutsira madzi, n'kuchiumitsa pamthunzi, n'kuchipachika pakhonde pomwe dzuwa ndi mvula sizinkafika. Lona ndi paini zimapirira madzi kwa maola, osati kwa miyezi.

Towera anali atakwatiwa m'mudzi woyandikana ndi wa a Mtonga, tsidya lomwelo. Ankatsika padooko kudzalandira mchere monga wina aliyense, n'kugwada chapatali, n'kupereka moni wa mlendo: "Monire, a Ziba." Iye ankayankha kuti yewo, ndiko kuti zikomo, n'kuika kathumbako pamchenga, n'kubwerera m'mbuyo kuti mayiyo akatenge. Anaona kuti Towera katundu amanyamula ndi dzanja lamanzere monga mayi ake, koma analibe womuuza zimenezi. Adzukulu ake ankawaonera m'munsi, timitu tokha tikusuzumira pamwamba pa udzu. Kamodzi kokha, mu Julayi 1974, anapeza mbatata yootcha, yofunda, yokulungidwa m'masamba, itaikidwa pamphuno pa chitseko, Towera ali kale pakati pa chitunda osacheuka.

Meyi aliyense, pa ulendo woyamba wa chaka, ankawolotsa Stafford Hara ndi nkhuku ndi nsalu yoyera ija, n'kudikira pamchenga mpaka thengalo litatsika. M'kope muli zonse. Mu 1969 muli mawu akuti akana. Mu 1970, akana, nkhuku abweza. Mu 1971, akuti mlandu suola. Koma kuyambira 1972 mayankho anasintha mtundu. Chaka china Jonasi anati msana ukumupweteka, china anati kumanda sikunalambulidwe, china anati adikire chaka chamawa. Stafford analemba m'mphepete kuti munthuyu wayamba kufewa. Nkhuku zinkakalamba n'kusinthidwa. Nsalu inali yomweyo, Modester ankaichapa chaka ndi chaka kuti isachite chikasu.

Chisanu cha pa Rukuru si cha masewera. M'madambo a kumeneko, mu Juni, masamba a mbatata amadzuka atawauka ngati papita moto. Kingstone ankaima osavala nsapato pa lona lonyowa kuyambira mbandakucha, pakuti nsapato zimagonthetsa phazi. Zidendene zake zinang'ambika, ndipo chifuwa chimene poyamba chinkatha dzuwa likakwera chinayamba kugonera. Modester, pomutchula mlongo wakeyo mwa chinenero cha kwawo, ankamukalipira kuti adumbu, madzi awa akumalizani, ndipo iye ankangoti mbwenu, basi, madziwo akumaliza amene sanamalizike kale. Loweruka pa 28 Ogasiti 1976, atangotsika padooko la kwawo, anatsokomola magazi nagwa m'bango. Anamunyamula pamachira, kenaka pangolo mpaka Manyamula, ndipo khadi la chipatala cha pa Boma likusonyeza kuti anagonekedwa pa 6 Seputembala ndi chifuwa chachikulu. Atatulutsidwa mu Disembala anakhalabe pa Boma kwa wachibale, kuti azilandira mankhwala, pakuti misewu ya kumudzi inali itadulidwa ndi mvula.

Chitseko chinatsala m'bango momwe chinagwera. Modester miyendo inali yotupa, sakanatha kuchisenza, ndipo anthu ena ankaopa kuchikhudza mwini wake kulibe. Mu Okutobala, mtsinje utaphwa, Jonasi anawoloka wapansi kupita kumsika, nachipeza chili padzuwa, penti itayamba matuza. Iye anali atasunga bwato zaka makumi awiri, ndipo ankadziwa chimene mwini bwato aliyense amadziwa: bwato losiyidwa padzuwa limang'aluka, ndipo mankhwala ake ndi kulimiza m'madzi. Anachikokera yekha kukhwawa lakuya kumene madzi osefukira safika ndi mphamvu, nazula chotsekera chija kuti madzi alowe bwino, nasanjikapo miyala isanu ndi umodzi, namangirira chingwe kumuzu wa mkuyu. Inali ntchito ya tsiku lonse kwa munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zitatu.

Masiku omwewo Towera anapita kwa malume akewo, amene ankawatchula asibweni mwa chinenero cha kwawo, nagwada pakhomo, nawafunsa kuti munthu uja akafera kuchipatala mandawo adzaonetsa ndani. Mu Januwale 1977 kalata ya Stafford Hara inafika pa Boma. Inanena kuti a Mtonga avomera, ndipo tsiku ndi Loweruka pa 18 Juni, anthu atakolola. Pansi pake panali mawu a Jonasi mwini: mumuuze mlamu wanga kuti bwato lake ndamusungira. M'zaka zonsezo aka kanali koyamba kuti amutchule mlamu. Kingstone anawerenga mzerewo kambirimbiri, osadzifunsa kuti kusungako n'kotani.

Anafika kumudzi Lachiwiri pa 14 Juni, woonda ngati bango, woti akayenda mapazi zana ayambe wapumula. Lachitatu m'mawa amuna anayi anachotsa miyala ija navuula chitsekocho. Chinatuluka cholemera, chakuda, chikutsanula matope. Kingstone anagwada nakanikiza lona ndi chala, ndipo chalacho chinangolowa. Nthiti zinali zitatupa n'kulekana ndi misomali, ndipo m'kati munatuluka nkhanu. Anthu atamufotokozera amene anachita zimenezi ndi thukuta limene anakhetsa, anakhala pansi pamatope.

Modester anati atume mawu kuti tsiku lisinthidwe, adikire Seputembala awoloke wapansi. Stafford anaganiza za ngolo yozungulira kumiyala, koma ng'ombe zonse zinali pa ntchito yotuta chimanga, ndipo chaka chimenecho ngakhale pamiyalapo madzi ankalekeza m'chifuwa. Tsidya linalo thobwa linali litafululidwa kale, abale a kutali ataitanidwa. Kingstone anamvetsera onse, kenaka anati:

"Adumbu, pa maliro a mkazi wanga sindinapezeke. Andiitane kachiwiri, ndisapezekenso?"

Masiku awiri ndi theka amene anatsala anawathera pansi pa mango. Nthiti zothyoka anazilumikiza ndi nsungwi ndi luzi. Pomwe lona linaola kwambiri anaikapo matumba a feteleza, ndipo atatha anadula jasi lake la ku Joni. Modester ankasoka, iye n'kumamata m'misoko ndi phula la njuchi losungunula, pakuti penti inali itatha kalekale. Matabwa sanaume, nthawi inalibe. Lachisanu madzulo anayesa kuchinyamula mbali imodzi, ndipo anadziwa kulemera kwake kuti kukunena chiyani. Anauza Stafford, amene ankayenera kutsagana naye monga thenga, kuti ulendo uno sakwera, ndipo nkhuku nayonso itsale, idzapita madzi akaphwa.

Loweruka kunacha kozizira koopsa. Udzu unali mbuu, ndipo nkhungu inachedwa kunyamuka. Tsidya linalo anthu anali atatsika mpaka pamchenga, atafunda mabulangete, Jonasi ali patsogolo ndi ndodo. Kingstone anamanga nsalu yoyera pamutu monga amachitira owoloka ndi katundu, nakwera, naima kanthawi kumvetsera ndi mapazi, napalasa. Pa Kanyerere dziwe ndi lotambalala mapazi pafupifupi zana limodzi ndi makumi awiri. Theka loyamba chinayenda, mwaulesi koma molunjika. Atadutsa pakati anamva kuzizira kukukwera kuchokera pansi pa lona, ndipo mchira wa chitseko unayamba kutsalira. Anasunthira kutsogolo pang'ono, nafupikitsa mapalasidwe, pakuti thabwa lomwa madzi silifuna kudzidzimutsidwa. Madzi anafika m'akakolo. Anthu a pamchenga anaona munthu akubwera woima, pansi pake popanda kanthu kooneka, madzi akumukwera m'miyendo, iye akupalasabe. Patatsala mapazi khumi ndi asanu msoko wa jasi unatseguka, chitseko chinapendekeka, ndipo analowa m'madzi mpaka m'khosi.

Woyamba kulowa m'dziwe anali Towera, ndi zovala zake zonse, mwamuna wake akumutsatira. Anamukokera pamchenga akunjenjemera thupi lonse, milomo itatuwa, koma nsalu ya pamutu inali youma. Zidutswa za lona lakuda zinkayandama m'mphepete. Jonasi anatola chimodzi, nachifinya m'manja, chinangosungunuka ngati tsamba lowola. Anayang'ana kukhwawa kuja, nayang'ananso chidutswacho.

"Alamu, ine ndinasunga monga timasungira bwato."

"Munasunga bwino, alamu, yewo chomene," anatero Kingstone mano akugundana. "Lona linali lakale. Likanaola ngakhale pakhonde."

Jonasi anali mwini bwato, bodzalo analiona. Anavula bulangete lake namufunditsa, nati tiyeni.

Anthu anafuna kuti ayambe waotha moto, koma mwambo sulola mlendo wa maliro kukhala pansi asanalire. Anakwera chitunda atagwiridwa m'khwapa mbali zonse ziwiri, naponda udzu umene anauyang'ana zaka zisanu ndi zitatu. Pofika m'malire a mudzi anayamba kulira monga kuyenera, koma mawu ankaduka ndi chifuwa, ndipo amayi a m'mudzimo anamulandira kulirako n'kukupitiriza. Kenaka Jonasi anatsogola kulowa m'nkhalango ya manda, pambuyo pake Kingstone, Towera ndi akuluakulu ochepa.

Anayenda mpaka chakumapeto, kumene kuli manda akale. Jonasi anakhota kumanja, naima, nabwerera pang'ono, nakanda masamba ndi ndodo. Panali malo awiri otsika, oyandikana, olekana ndi phazi limodzi lalikulu, onse omera udzu wofanana. Panalibe mtanda, panalibe mwala. Nkhalamba ija inaima pakati pake. Towera anafunsa chapansipansi kuti asibweni, ndi pati.

"Panali mtanda wa muwanga ndi mbale yake," anatero Jonasi osayang'ana munthu. "Moto wolusa wa 1971 unadya mtandawo, mbale ng'ombe zinasuntha. Mmodzi ndi mlongo wanga, winayo ndi azakhali athu a Lucia, amene tinawaika mwezi womwewo. Zaka zinayi zoyamba ndinakukanizani chifukwa cha mkwiyo, alamu. Zinazo ndinkakana chifukwa sindikudziwa."

Towera pa maliro a mayi ake anali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo chimene ankakumbukira ndi mvula ndi misana ya anthu. Amene anakumba nawo mandawo onse anali atagona m'nkhalango yomweyo. Panalibe wofunsa.

Kingstone anamasula nsalu ija pamutu. Anaiyang'ana, nailuma m'mphepete, naing'amba pakati. Anagwada pa malo oyamba, nayala chidutswa chimodzi, naika manja onse awiri pansi, naitana Eneless ndi dzina la mfunda wake.

"NyaMtonga, ndine Ziba. Ndabwera. Ndinachedwa chomene."

Kenaka anakwawa ndi maondo kupita pa malo achiwiri, nayala chidutswa chinacho, nanenanso mawu omwewo, onse, osachotsapo ngakhale limodzi. Atamaliza anawonjezera kuti ngati ndi inu azakhali, pepani, mumuuze mnzanuyo ali pafupi. Jonasi anali atakhala pansi, nkhope ili m'manja.

Masana a tsiku limenelo Kingstone anakhala pamphasa pakhomo pa Jonasi, namwa thobwa limene Towera anamupatsa atagwada pafupi, ndipo adzukulu anabwera mmodzimmodzi kudzanena mayina awo. Pofika madzulo thupi linali litatentha. Njira yobwerera kwawo panalibe, choncho anamugoneka m'nyumba ya mwana wakeyo, ndipo m'menemo anakhala masiku makumi awiri ndi atatu. Mankhwala a ku Boma anali atatsala tsidya lina, ndipo pamene mwamuna wa Towera anakawatenga pozungulira kumiyala, chibayo chinali chitagwira kale. Anamwalira Lolemba pa 11 Julayi 1977, ali ndi zaka makumi asanu kudza zisanu ndi chimodzi.

Mwa mwambo mtembo unayenera kukagona kwa a Ziba, koma dziwe linali lidakali lakuya ndipo panalibe chowolotsera. Nkhaniyo anaikambirana mofuula, Jonasi ali pamchenga wa tsidya lake, Stafford Hara ndi Modester ali tsidya lawo, ndipo a Ziba anavomera kuti aikidwe kwa a Mtonga. Jonasi anasankha yekha malo, kumapazi kwa manda awiri aja. Stafford ndi amuna asanu anazungulira kumiyala nafika pa nthawi yake. Modester, ndi miyendo yake yotupa, sanathe. Lachitatu pa 13 Julayi anakhala padooko la kwawo kuyambira m'mawa, atafunda bulangete, akumvetsera nyimbo zimene mphepo inkabweretsa pang'onopang'ono kuchokera m'nkhalango ya tsidya lina, ndipo zitaleka anakhalabe pomwepo mpaka anthu anabwera kudzamudzutsa.